A Namaona ndi nkhodolero zanga ziwiri

Uthenga wa maliro a bambo Namaona unandipeza Lachitatu m'mawa ndili pa siteji ya ku Chilomoni. Anandiuza ndi mayi wina wogulitsa nthochi amene mchemwali wake amakhala ku Zingwangwa, ndipo sindinamukhulupirire. Ine nkhani ya pa siteji sindiitola msanga. Ndinakafika kuntchito, ndinataipa makalata atatu, kenako ndinapempha kuti ndikufuna kukaonana ndi adokotala, chifukwa sindinkafuna kuti wina aliyense adziwe kumene ndikulowera.

Nditatsika minibasi ku Zingwangwa ndinaona masamba atayalidwa pamsewu. Apo ndiye ndinavomera. Ndinalowa m'nyumba mmene munali amayi, ndinakhala chakukhoma pafupi ndi khomo monga ndimachitira kulikonse. Mayi Namaona ndinali ndisanalankhulepo nawo chibadwire. Ndinangowaonapo kamodzi patali, atabweretsa ambulera ya amuna awo kuntchito. Koma anadzutsa mutu, anandiyang'ana, nyimbo ili mkati, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwabwera, mayi wa nkhodolero. Khalani pomwepo, tikambirana."

Zaka pafupifupi zinayi ndinkadziwa kuti nkhani imeneyi tikuidziwa ndife anthu awiri, ndipo m'mawa umenewo ndinkaganiza kuti ndatsala ndekha.

Tinkagwira ntchito pa sukulu ina ya m'tauni yophunzitsa anthu kudzera pa positi. Dzina lake sinditchula, ndikadali pomwepo. Ophunzira athu ndi aphunzitsi a kumidzi, apolisi, makalaliki, amayi amene anasiyira sukulu panjira. Timawatumizira maphunziro m'maenvelopu, iwo amalemba mayankho n'kubweza, aphunzitsi athu amachonga, malikisi amasungidwa kufikira nthawi ya mayeso. Ine ndine wotaipa. A Namaona ndiwo anali osamala kompyuta.

Musaganize za timakompyuta ta patebulo timene tadzaza m'maofesi panopa. Ija inali chibokosi chofika m'chiuno, chokhala m'chipinda chakechake chozizira, ndipo ife tinkalankhula nayo kudzera pa masikirini akuda a zilembo zobiriwira. Chifukwa cha chipinda chimenecho a Namaona ankavala juzi ngakhale mu Okutobala. Mukawaona pa Ginnery Corner dzuwa likuswa mtengo, iwo ali mu juzi ya bulauni yotuwa m'zigongono, mumaganiza kuti akudwala malungo. Minibasi sankakwera. Ankayenda pansi kuchokera ku Zingwangwa m'mawa uliwonse, ati makondakitala amakutukwana ngakhale usanalakwe. Nkhomaliro yawo inali chinangwa chootcha, ndipo ankadyera pa masitepe a kuseri, chifukwa m'chipinda cha kompyuta sankalola ngakhale siwiti. Mphunzitsi wina atalowamo ndi kapu ya tiyi anam'tulutsa pom'lankhula Chilomwe. Chilomwe chawo chinkatuluka akakwiya basi.

Kompyutayo ankaipatsa ulemu. Ikachedwa kuyankha mumawamva akuifunsa kuti kodi mwatopa, agogo. Ine poyamba ndinkati bamboyu ngopenga, kapena akudzipengetsa kuti tisamuganizire zina. Ndinawayang'anitsitsa zaka zambiri. Nthawi ya referendamu ija, anthu akufunsana monong'ona kuti iwe uli mbali iti, ndinkayembekeza kuti tsiku lina ndidzawagwira akupereka mayina athu kwinakwake, popeza mayina onse anali m'manja mwawo. Sindinawagwire. Akafunsidwa za chipani ankayankha kuti iwo ali ndi abwana awiri kale, wa mu ofesi ndi wa m'chipinda chozizira, wachitatu sangamukwanitse.

Ntchito yawo yeniyeni inali kulemba malangizo oti makinawo azitsatira okha. Lolemba sindikiza maadiresi. Lachitatu tulutsa mayina a amene sanabweze mayankho. Lachisanu koperera zonse pa tepi kuti zisungike. Malangizo amenewa ankawatcha masikiripiti. Mawu ake ndi Chingerezi chodukaduka chimene ngakhale mzungu wamba sangachimve, koma a Namaona anali ndi chizolowezi chawo: pamwamba pa ndime iliyonse ankalemba m'Chichewa zimene ndimeyo ikuchita. Ankati iwo adzafa, ndipo wodzalowa m'malo mwawo asadzavutike ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni magetsi atazima.

M'masikiripitimo munali kachizindikiro kena kamene ankakakonda kwambiri. Ndi kamzere kakang'ono kokhala pamwamba, kopendekera chakumbuyo, kotere `. Pa kiyibodi kali kungodya ya kumanzere, kumene chala cha wotaipa makalata sichifikako chaka chathunthu. Iwo ankakatcha kamchira. Timichira timayenda tiwiritiwiri, ndipo mawu amene ali pakati pake makina sawatenga ngati mawu, amawatenga ngati ntchito yowatuma. Amapita, amakachita, n'kubwera ndi yankho, yankholo n'kuliika pamalo pomwepo. Pali chizindikiro china chofanana nako ngati mapasa, chimene ife tonse tinaphunzira ku pulayimale, nkhodolero, ija timaika polemba ng'ombe kapena m'mudzi. Nkhodolero ziwiri zikatsekera mawu, makina sapita kulikonse. Amangotenga mawuwo mmene alili. A Namaona ankafotokoza kuti zili ngati watuma mesenjala kuti akafunse dzina la mlendo, iye osadzuka pa benchi, n'kukuuza kuti mlendoyo dzina lake ndi Kafunseni Dzina.

Chaka cha chisankho choyamba cha matipate sukulu inapeza kompyuta ina, yocheperako, yachangu. Anabwera kudzaiika mayi wina wa ku kampani imene inatigulitsa, mayi Selemani a ku Ndirande, munthu wodziwa ntchito yake, wosataya nthawi ndi moni wautali. Ataona masikiripiti a a Namaona anawauza kuti timichira timeneti ndi kalembedwe kakale. Makina atsopanowa, ati, akumva kalembedwe kena: chizindikiro cha dola, bulaketi lotsegula, mawu otumawo, bulaketi lotseka, chonchi $( ). Anati potsegula ndi potseka pamaoneka posiyana, munthu sungasokere, ndipo ukafuna kutuma mkati mwa kutuma kwina sumachita kudzaza mzere ndi timitengo topingasa. Ine ndinali pomwepo ndikupukuta sikirini imene inali yoyera kale.

A Namaona anakana. Anakana ndithu mpaka khosi linauma. Anati timichira tawo sitinawanamizepo chiyambire, ndipo chaka chimenecho zinthu zosintha zinali zitakwana, boma lasintha, nyimbo za pa wayilesi zasintha, asiyeni iwo ndi timichira tawo. Mayi Selemani anawauza kuti ndi okanika. Iwo anayankha kuti okanika ndi amene amapangitsa kuti achangu apeze pobwerera. Anasiyana osagwirana chanza.

Madisiki a makina akale sankalowa mu atsopano. Masikiripiti onse anachita kuwasindikiza papepala kuti ataipidwenso ndi manja. Ena anataipa okha a Namaona ndi zala zawo ziwiri, koma ambiri anandipatsa ine, chifukwa pa sukulu ponse panalibe wondiposa liwiro. Anandionetsa pamene pali kamchira, anandichenjeza katatu kuti nditaipe zimene ndikuona, ndisakonze kanthu ngakhale pakuoneka polakwika. Ndinamva. Masamba onse ndinataipa bwino. Tsamba lomaliza linali la Lachisanu, la tepi. Riboni ya pulinta inali itatha, zilembo zinali zotuwa. Pamwamba pa ndime ina panali Chichewa chawo chija, chonena kuti tepi ikatha muike m'kabati, ndipo mung'ambe pepala lakale. Ndinataipa m'kabati, ndinataipa mung'ambe, ndipo pa mzere wotsatira ndinaona tizizindikiro tiwiri pamwamba. Ndinaona kuti tapendekera. Zimenezo sindingakane. Koma ndinati mumtima, pakati pa Chichewa chonsechi, izi ndi nkhodolero, pulinta ndi imene yapotoza. Zaka zoposa makumi awiri ndinali ndikukonza Chichewa cha aphunzitsi olemba ngombe wopanda nkhodolero. Ndinakonzanso apo.

Mzere umenewo ndi umene unkatuma makina kukawerenga mndandanda wa mafayilo a ophunzira kuti awakoperere pa tepi.

Palibe chinaoneka. Lachisanu lililonse a Namaona ankaika tepi, tepi inkazungulira monga mwa masiku onse chifukwa zina zonse, makalata ndi masikiripiti, zinkalowa bwinobwino. Ankailemba tsiku ndi bolopeni yofiira, n'kuitsekera m'kabati. Makadi akale a mapepala, amene tinkalembapo malikisi kompyuta isanabwere, abwana athu a nthawi imeneyo anali atawachotsa kuti apeze malo. A Namaona anakangana nawo sabata yathunthu pa nkhani imeneyo, osaphula kanthu. Makadiwo anathera kwa ogulitsa mtedza. Ine ndinagulapo mtedza pa Chichiri wokulungidwa m'malikisi a wapolisi wina wa ku Nsanje.

Mvula yotsatira, masana ena a Lachiwiri, chiphaliwali chinagwa pafupi, magetsi anathima n'kuyakanso, ndipo disiki ya kompyuta inapsa. A Namaona sanatekeseke. Anatiuza kuti n'chifukwa chake pali matepi. Mayi Selemani anabweretsa disiki ina m'mawa mwake, a Namaona anatsegula kabati, anatenga tepi ya Lachisanu lapitalo. Munalibe ophunzira. Anatenga ya Lachisanu linalo. Munalibe. Anapitiriza, imodziimodzi, mpaka shelefu yonse inali patebulo. Ine ndinali pakhomo. Ndinaona bamboyo akuvula juzi m'chipinda chozizira chija, malaya atanyowa kumsana.

Miyezi yonse ija, malikisi a anthu onse, maadiresi atsopano, mayina a amene anali okonzeka kulemba mayeso, zonse zinapita.

Madzulo ake, anthu asanaweruke, a Namaona anandiitanira m'chipinda chozizira chija. Anatseka chitseko. Patebulo panali tsamba la Lachisanu, longosindikizidwa kumene. Anangoloza ndi nsonga ya pensulo pa nkhodolero yoyamba, kenako yachiwiri. Ine ndinazizindikira nthawi yomweyo, mpaka ndinakumbukira kuti tsiku limenelo ndinavala duku lanji. Koma pakamwa panga panatuluka zina.

"Sindikuonapo kanthu ine."

"Nanenso sindinaonepo kanthu miyezi yonseyi, Anachisale," anatero. Anapinda tsambalo n'kutsegula chitseko.

Kunyumba kwanga ku Chilomoni kunali adzukulu anayi, ana a mwana wanga wamkazi amene anatisiya. Onse ankadya ndi kupita kusukulu chifukwa cha zala zangazi. Kuntchito ndinali ndisanauzepo munthu za iwo, chifukwa munthu akadziwa pamene pakukupweteka ndi pomwe amadzakugwira. Ndipo nthawi ija inali yoipa kwa ife amayi achikulire. Tonse tinavinapo m'masitediyamu kale, wofuna ndi wosafuna yemwe, ndiye pakalakwika chinthu achinyamata ankanong'onezana kuti ndi anthu a boma lakale akuwononga dala. Abwana anali atanena kale m'khonde kuti izi si ngozi, alipo wachita, ndipo akam'peza sagona pa sukulu pano.

Sabata imeneyo ophunzira anayamba kufika. Aphunzitsi ochokera ku Mulanje, ku Mwanza, atakwera mabasi usiku wonse, ataima pabwalo ndi maenvelopu m'manja. Mayi wina woyembekezera anakhala pansi pa masitepe osalira, osalankhula, tsiku lonse. Anali atamaliza maphunziro onse, ndipo panalibe pepala lililonse losonyeza zimenezo kupatula mawu ake. Ine ndinkadutsa pambali pake popita kukatenga mapepala.

Lachisanu abwana anatisonkhanitsa mu ofesi yawo. Mayi Selemani anafotokoza za tizizindikiro tiwiri tija, mosawonjezera, mosachotsera. Abwana anafunsa kuti masikiripiti anataipa ndani. Wina anayankha kuti ambiri ndi Anachisale, ena a Namaona. Abwana anatembenukira kwa ine. Ndinali nditakonza kale bodza langa, loti pepala linali lotuwa ndipo palibe anandiuza kanthu. Ndisanatsegule pakamwa, a Namaona anaimirira.

"Tsamba limenelo ndinataipa ndekha, bwana. Komanso woyenera kuyesa matepi ndi ine, ndipo sindinayese ngakhale imodzi."

Ndinawayang'ana. Awa ndi a Namaona amene akachedwa ndi mphindi zisanu ankalemba m'buku la pageti nthawi yeniyeniyo, mlonda akuwauza kuti angolemba seveni koloko ngati anzawo. Ananama nkhope ili gwa, pamaso pa anthu khumi. Theka lachiwiri linali loona, matepi sanayese. Koma theka loyamba linali langa. Mayi Selemani anandiyang'ana kamodzi, anayang'ana iwo, n'kuweramira pansi. Abwana anawapatsa mwezi umodzi kuti akonze zimene angathe, kenako azipita. Anali atatsala zaka zochepa kuti apume bwinobwino.

Tsono apa ndiyenera kunena zoona za ine. Sindinathokoze. Ndinachita mantha kuposa poyamba. Ndinati munthu sangataye ntchito yake chifukwa cha mayi amene si mbale wake, si wa mpingo wake, amene sanam'patsepo ngakhale nthochi. Alipo chimene akufuna. Ndinayamba kuwawerenga nkhope m'mawa uliwonse. Ndinaganiza zonse, zina zochititsa manyazi kwa mayi wa msinkhu wanga. Ndinasamutsa makiyi a diloo yanga. Akandipatsa moni ndinkayankha mwachidule kuti asapeze poyambira.

Mwezi umenewo ndiwo ndinakhala nawo pafupi kuposa zaka zonse. Anapita okha kwa mayi Selemani kukapempha kuti awaphunzitse kalembedwe katsopano kaja, komwe anakakana. Atabwera anauza abwana kuti akufuna munthu wowawerengera, ndipo anatchula ine. Ndinati basi, nthawi yakwana, akanena mtengo wake chitseko chili chotseka. Tinakhala moyandikana, ine pepala m'manja, iwo pa kiyibodi. Sikiripiti iliyonse ankayamba ndi kusintha mzere woyamba kuti makina adziwe kuti awerenge mwa kalembedwe katsopano. Kenako ine ndinkatsata ndi rula, ndikafika pa kamchira ndinkati apa. Iwo ankafufuta, akunena okha, dola, tsegulani. Ndikafika pa kachiwiri, tsekani. Tsiku lonse zinali zomwezo, apa, dola, tsegulani, apa, tsekani. Akamaliza imodzi ankaiyendetsa kawiri, n'kuyang'ana ndi maso zimene yatulutsa, kenako ankaika chongani papepala. Panali malo ena amene anatuma mkati mwa kutuma, mzere wodzaza timichira ndi timitengo moti iwo eni anachita kuwerenga ndi chala. Atausintha unakhala woti ngakhale ine ndinatha kuona pamene ntchito yamkati yayambira ndi pamene yathera. Anauyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti mayi wa ku Ndirande uja ankanena zoona, ndipo kukanika kwawo kwadyetsa anthu osalakwa.

Timichira tinali tambiri. Palibe anawatuma kuti atisinthe tonse. Akanatha kukonza tiwiri tokha tija n'kumakhala pa masitepe kudikira tsiku lawo. Tsiku lina, chakumapeto, ndinalephera kupirira, ndinawafunsa kuti akuvutikiranji ndi ntchito ya pamalo pamene awathamangitsa. Sanasiye kutaipa.

"Chizindikiro chimene chinganamize mayi amene wataipa zaka makumi awiri, cholakwa ndi chizindikirocho. Sindingachisiyire wina."

Ndinayang'ana kuchitseko ngati pali womvetsera.

"Mayi wake uti?" ndinatero.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinaona ngati afuna kuseka, koma sanaseke. "Werengani mzere wotsatira, Anachisale."

Amenewo ndiwo mawu onse amene tinalankhulana pa nkhaniyi. Lachisanu lawo lomaliza anaika tepi, anaidikira, anaibwezeretsa mu makina n'kuwerenga mayina a ophunzira mokweza kuchokera pa tepiyo, kuti aliyense amve kuti alimo. Analemba papepala kuti tepi iliyonse iziyesedwa isanalowe m'kabati, anamata pakhoma. Kenako anavala juzi n'kutuluka. Phwando lotsanzikana panalibe.

Ndinawaonanso kamodzi kokha ali moyo. Ndinali pa minibasi yopita ku Chilobwe ku chinkhoswe, ndipo podutsa ku Zingwangwa ndinawaona pakhonde la nyumba yawo, atayala makina otaipira akale patebulo, akukonza. Tsitsi linali litayera lonse. Ndinatembenuza nkhope kuti asandione. Ndinkaopabe kuti tsiku lina adzafika pakhomo panga kudzanena chimene akufuna. Kuntchito dzina lawo linasanduka mawu. Munthu akafufuta kalata mwangozi anzake amati wapanga za Namaona. Atsikana olembedwa ntchito chaka chatha, amene sanawaonepo, amanena mawu amenewa akuseka. Ine ndinkangoweramira pa kiyibodi.

Titachoka kumanda, mayi Namaona ananditumizira uthenga kuti ndisapite. Tinakhala kuseri kwa nyumba pa mphasa, awiriwiri. Anandiuza kuti amuna awo anawafotokozera zonse tsiku lomwelo la msonkhano, atangofika pakhomo. Iwo anamanga chitenje kuti m'mawa mwake abwere ku ofesi adzandiyalutse pamaso pa anthu, koma amuna awo anawaletsa, ati mayiyo akulera ana anayi amasiye. Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji, poti sindinauzepo munthu. Anati a Namaona ankaona kuti buledi wa tiyi wa kuntchito sindidya, ndimam'kulunga m'pepala, ndipo Januwale aliyense ndimapempha zotsala za mapepala n'kusoka makope anayi. Ine amene ndinkati pa sukulu ponse woona zinthu ndi ine ndekha.

Ndinafunsanso, ndipo manyazi ake ndikuwamvabe, ngati anasiya mawu alionse a chimene ankafuna kwa ine. Mayiwo anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo china.

"Amafuna chiyani kwa inu? Iwo analibe nanu mlandu. Amene sindinakukhululukireni ndi ine." Anakonza duku lawo. "Ndimamva kuti kuntchito kwanuko dzina lawo ndi choseketsa. Ana awo amamva zimenezo m'maminibasi. Inu muli ndi pakamwa."

Masiku anayi ndinalimbana nazo. Wamkulu mwa adzukulu anga ali fomu thuu, wamng'ono sitandade faifi. Ntchito kwa mayi wa zaka zanga ikatha yatha. Lolemba ndinavala bwino, ndinachotsa zinthu zanga zonse mu diloo n'kuziika m'chikwama kuti akandithamangitsa ndisachite kubwerera, ndipo ndinagogoda pa ofesi ya abwana. Abwana aja a nthawi imeneyo anachoka kalekale. Alipo panopa ndi bambo wachinyamata wa mataye owala. Ndinaima, ndinafotokoza zonse, kuyambira pa riboni yotuwa mpaka pa msonkhano. Anandimvetsera akuyang'ana wotchi.

"A Namaona ake ati, amayi?"

Ndinafotokozanso. Anati oo, za matepi, anamvapo. Anati zimenezo ndi zakale, ndisadzivutitse, ndipo anafunsa ngati makalata a ku Mzuzu aja ndamaliza.

Ndinatuluka ndi chikwama changa chodzaza. Nthawi ya tiyi ndinaimirira pakati pa anzanga, chinthu chimene sindinachitepo, n'kuwauza kuti amene anawononga mayina a ophunzira chaka chija ndi ine, a Namaona anangondisenzera. Kenako mphunzitsi wina wa masamu anati agogo ali ndi mtima wabwino, akufuna kuyeretsa dzina la malemu. Ena anagwedeza mitu mondimvera chisoni. Mtsikana wina anandithirira shuga wina mu tiyi. Palibe anandikhulupirira, ngakhale mmodzi. Lachinayi la sabata yomweyo ndinamva wina kuseri kwanga akuti, samala, upanga za Namaona.

Chipinda chozizira chija chili kumapeto kwa khonde. Kompyuta ija anaichotsa chaka chatha atagula timakompyuta ta patebulo, ndipo masikiripiti onse, ndi madola ndi mabulaketi amene tinaika mwezi wathunthu, anapita nayo limodzi kwa ogula zitsulo. Ndinapempha kiyi kwa mlonda ndi kunama kuti ndikufuna maenvelopu. Simukuziziranso. Makina oziziritsa anawazula, pabowo pake anatsekapo ndi katoni imene yafufuma ndi mvula. Muli matsache, ndowa ziwiri, mipando yothyoka yosanjikizana mpaka kudenga, ndi mulu wa maphunziro akale amene chiswe chayamba. Pansi, pakati pa chipinda, pali malo a ngodya zinayi pamene simenti ndi yoyera kuposa ponse, ndipo mawaya anayi odulidwa atulukira pakhoma, aliyense kuloza kwake.

Ndinakhala pa ndowa yovundikira, ndinatseka chitseko. Ndinanena zimene ndinayenera kunena m'chipinda chomwechi zaka zinayi zapitazo, kuti ndaziona, bambo, ndi zanga zonse ziwiri. Panja mlonda anagogoda kufunsa ngati maenvelopu ndawapeza.